Woyankha uthenga wa anthu ambiri aziganizira olandira

Kwa Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepa yanu kuti ndinenepo za khalidwe limene lazika mizu m'maofesi, m'mipingo, m'makomiti a sukulu ndi m'mabanja mwathu, lomwe ndi kuyankha uthenga wotumizidwa kwa anthu ambiri potumiza yankho kwa anthu onse omwewo. Khalidweli likuchitika pa imelo komanso m'magulu a WhatsApp, ndipo ambiri amene amachita zimenezi amachita ndi mtima wabwino, poganiza kuti akupereka ulemu kwa amene walemba. Chimene ndikufuna kunena ndi chakuti ulemu umenewu amaulipira ndi anthu ena. Wolemba amangotaya kamphindi polemba mawu awiri, koma aliyense mwa olandira amatayapo nthawi yake ndi bandulo yake, ndipo nthawi zina amaphonya uthenga wofunika chifukwa wakwiririka pansi pa mayankho osanena kanthu.

Masamu ake ndi osavuta. Mlembi wa bungwe akatumiza chidziwitso cha msonkhano kwa anthu 200, mauthenga amene afika m'mafoni ndi m'makompyuta ndi 200. Koma aliyense mwa anthu amenewa akayankha kwa onse kuti "ndalandira, zikomo," mauthenga ofika amayandikira 40,000, ndipo pa onsewo palibe ngakhale umodzi umene wawonjezera kanthu pa tsiku, malo kapena nthawi ya msonkhanowo. Woyankha saona chiwerengero chimenechi chifukwa iye amaona uthenga umodzi wokha umene watumiza, ndipo n'chifukwa chake munthu waulemu ndithu, amene sangadule mnzake mawu pa msonkhano wa maso ndi maso, amatha kusokoneza anthu mazana awiri nthawi imodzi popanda kuzindikira kuti walakwira wina aliyense.

Kuti owerenga asaganize kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, ndipereke zimene zinachitika ku England pa 14 November 2016. Tsikulo linali Lolemba, ndipo munthu wina wogwira ntchito za makompyuta ku Croydon anatumiza uthenga wongoyesera, umene unayenera kufika kwa anthu ochepa chabe. Chifukwa cha vuto la makina, uthengawo unafika kwa anthu pafupifupi 840,000 ogwira ntchito ku NHS, bungwe limene limayendetsa zipatala za boma m'dzikolo. Uthenga woyambawo sunali ndi vuto lalikulu, pakuti aliyense akanangoufufuta n'kupitiriza ntchito yake. Chimene chinagwetsa makina ndi anthu amene anayamba kuyankha kwa onse, ena kufunsa chifukwa chake alandira uthengawo, ena kupempha kuti achotsedwe, ndipo ena kudzudzula anzawo kuti asiye kuyankha kwa onse, koma nawonso akutumiza chidzudzulocho kwa onse. Manyuzipepa a kumeneko analemba kuti mauthenga opanda ntchito anafika pa 186 miliyoni, ndipo madokotala ndi anamwino anadandaula kuti maimelo enieni a ntchito ankachedwa kufika kwa maola angapo. Amene anayankha anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chonsecho, koma yankho lililonse linkachulukitsidwa ndi anthu 840,000.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika kale ku kampani ya Microsoft mu 1997, pamene wogwira ntchito wina anapeza dzina lake pa gulu lotchedwa Bedlam DL3, lomwe linali ndi anthu pafupifupi 13,000, ndipo analembera onse kupempha kuti amuchotse. Anzake anayamba kuyankha kwa onse kuti nawonso achotsedwe, mpaka mauthenga anafika pafupifupi 15 miliyoni, ndipo akatswiri a kampaniyo anatenga masiku awiri kuti makina ayambenso kuyenda bwino. Izi zinachitika kwa anthu a kampani imene ntchito yake ndi kupanga mapulogalamu a makompyuta, kuphatikizapo a imelo, choncho sitinganene kuti vutoli ndi la anthu osadziwa makompyuta. Mu 2020 kampani yomweyo inaika chotchinga m'makina ake a imelo, chimene chinkaletsa mayankho kwa maola anayi ngati mayankho khumi apita kwa anthu oposa 5,000 mkati mwa ola limodzi. Mwa kuona kwanga, kuika chotchinga chotere kunali kuvomereza kuti pa zaka zoposa makumi awiri malangizo okha analephera kusintha anthu. Koma chotchingacho chinapangidwira mabungwe akuluakulu, ndipo sichingathandize komiti ya anthu 60 kapena banja la anthu 40, kumene vutoli limapweteka tsiku ndi tsiku ngakhale kuti palibe makina amene amagwa.

Kwathu kuno vutoli lili ndi muzu wina umene ndikufuna kukhalapo pang'ono. Tinaleredwa kuti munthu akakulankhula uyenera kuyankha, wamkulu akapereka mawu uyenera kusonyeza kuti wamva, ndipo kukhala chete pamene anzako akupereka moni ndi mwano. Zimenezi ndi zabwino ndipo sindikufuna kuti zithe. Koma makolo athu omwewo amene anatiphunzitsa kuyankha anatiphunzitsanso kusiyanitsa kuyankha kwa anthu awiri ndi kuyankha kwa khamu. Pa bwalo, mfumu ikamaliza kulankhula anthu amawomba m'manja pamodzi, kamodzi, ndipo nkhani imapitirira. Saimirira mmodzimmodzi kunena kuti amva, chifukwa atatero dzuwa likhoza kulowa mlandu usanayambe kuzengedwa. Amene ali ndi mfundo amapempha mpata, ndipo amene alibe amakhala pansi popanda wina womuyesa wamwano. Mwambo umenewu tinausiya pakhomo pamene tinalowa m'magulu a pa foni ndi pa imelo, n'kutengako mwambo wa anthu awiri okumana pa njira.

Zotsatira zake zimaoneka bwino pa nthawi ya maliro. Wachibale akalengeza za imfa m'gulu la banja kapena la mpingo, mauthenga a "pepani" ndi "mzimu wawo uuse mumtendere" amatsatizana mosalekeza, ena ndi zithunzi za makandulo ndi maluwa, ena ndi nyimbo zimene zimadya bandulo ya aliyense amene foni yake imatsitsa yokha zinthu zotere. Pakati pa zonsezo a komiti amalemba kuti thupi linyamuka ku chipatala nthawi yakuti, kapena kuti mwambo woika maliro wasunthidwa kuchoka Lachitatu kupita Lachinayi, kapena amapereka nambala yotumizira chipepeso. Uthenga umenewu, umene ndi wokhawo wofunika kwa amene akukonza ulendo, umakwera m'mwamba n'kusowa, ndipo pakapita ola limodzi anthu amayamba kufunsa kuti maliro aikidwa liti. Funsolo limayankhidwa ndi anthu asanu, awiri mwa iwo akutchula tsiku lakale lija. Ndaonapo anthu akufika pa mudzi tsiku lolakwika chifukwa cha chisokonezo chotere, atalipira basi ndi ndalama zongobwereka. Chipepeso chenicheni chimafika bwino ngati munthu aimbira kapena kulembera namfedwa payekha. Chipepeso cholembedwa pa gulu nthawi zambiri namfedwa sachiwerenga n'komwe tsiku limenelo, ndipo ndikukayika ngati ambiri mwa olembawo amalembera iye kapena amalembera anthu ena a m'gulumo kuti awaone kuti nawonso apepesa.

M'maofesi muzu wake ndi mantha osakanikirana ndi ulemu. Bwana akatumiza imelo kwa antchito onse, woyamba kuyankha kuti "Noted with thanks" amakhala ngati watsegula chipata, chifukwa aliyense wotsatira amaopa kuti dzina lake likapanda kuoneka bwana aganiza kuti sanawerenge kapena sakugwirizana nazo. Motero anthu amasindikiza batani la Reply All, lotumiza yankho kwa onse, mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo m'mawa wonse umatha anthu akufufuta mayankho a anzawo. Apa wolakwa wamkulu si wantchito wamng'ono, koma mtsogoleri amene sananene chimene akufuna. Chiganizo chimodzi kumapeto kwa uthenga, chonena kuti palibe chifukwa choyankhira, kapena kuti amene sadzatha kubwera alembere mlembi yekha, chikanamasula anthu onsewo. Atsogoleri ena, ndinene mosabisa, amakondwera ndi mndandanda wa mayankho otere chifukwa umawaonetsa kuti mawu awo agwedeza anthu, ndipo malinga ngati iwo akukondwera nazo, palibe wantchito amene adzayambe kusiya.

Pali chizolowezi china cha m'maofesi chimene ndi choipa kuposa ichi, chomwe ndi kuika akuluakulu pa CC, malo a pa imelo olembapo anthu ena oti aone nawo uthengawo, pofuna kuopseza mnzako. Nkhani imene anthu awiri akanaithetsa pa foni kapena pongoyenda kupita pa tebulo la mnzawo imalembedwa ndi mayina a mabwana atatu pamwamba, ndipo wolandira, poona kuti waikidwa pa mbalambanda, amayankha modziteteza n'kuwonjezerapo mabwana ena awiri. Pofika madzulo anthu khumi akuwerenga mkangano wa risiti imodzi, ndipo palibe amene angabwerere m'mbuyo chifukwa aliyense akuonedwa.

Malangizo a zinthu zimenezi si atsopano. Mu October 1995, Sally Hambridge wa ku kampani ya Intel analemba chikalata chodziwika ndi dzina lakuti RFC 1855, chimene chinasonkhanitsa makhalidwe oyenera pa intaneti. Mwa zina, chikalatacho chinakumbutsa anthu kuti mtengo wa uthenga sulipiridwa ndi wotumiza yekha koma wolandiranso, kuti zokambirana zikasanduka za anthu awiri ena onse achotsedwe pa mndandanda wa olandira, kuti mutu wa uthenga uzigwirizana ndi zimene zili mkatimo, kuti makalata ouza munthu kuti atumize kwa ena ambiri asatumizidwe, ndiponso kuti kulemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha kumaoneka ngati kukalipa. Nthawi imeneyo anthu ambiri ku America ndi ku Ulaya ankalumikiza makompyuta awo kudzera pa waya wa telefoni ndipo ankalipira nthawi imene akhala pa intaneti. Iwo anaiwala mfundo ya mtengoyo pamene intaneti yawo inatchipa, koma kwa munthu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi ya TNM kapena Airtel ndi ndalama imene akanagulira ndiwo, mfundoyo ikadali yamoyo. Kanema wa mphindi zitatu amene wina watumiza pa gulu pongofuna kuseketsa anzake akhoza kumaliza bandulo imene mayi wina anagula kuti alandire zotsatira za mayeso a mwana wake.

Ndiyeneranso kutchula ngozi ina imene si ya kuchuluka kwa mauthenga kokha koma ya chinsinsi cha anthu. Munthu akaika maadiresi a anthu ambiri pa malo a To kapena CC, aliyense wolandira amaona mayina ndi maadiresi a ena onse, pamene akawaika pa BCC, malo obisa maadiresi a olandira, palibe amene amaona mnzake, ndipo yankho silingapite kwa onse. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma mu September 2015 chipatala cha 56 Dean Street ku London, chimene chimathandiza anthu pa nkhani za HIV, chinatumiza kalata ya nkhani kwa anthu pafupifupi 780 maadiresi awo ali poyera, ndipo ambiri mwa maadiresiwo anali ndi mayina athunthu a eni ake. Chaka chotsatira bungwe loyendetsa chipatalacho linalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 180,000. Mu September 2021 unduna wa zachitetezo wa dziko la Britain unalakwitsa chimodzimodzi polembera anthu oposa 200 a ku Afghanistan amene anathandizapo asilikali ake ndipo ankafuna kuthawa a Taliban, ndipo mu 2023 undunawo unalipitsidwa mapaundi 350,000. Kuno kwathu mabungwe ambiri amagwira ntchito ndi anthu amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, amayi ochitiridwa nkhanza, ana amasiye ndi anthu ofunsira ntchito, ndipo si zachilendo kulandira imelo ya chiitano cha maphunziro kapena yokana pempho la ntchito imene ili ndi maadiresi a anthu ena makumi ambiri poyera. Popeza tsopano dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, la Data Protection Act la 2024, kuwonjezera pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, mabungwe ayenera kuphunzitsa alembi awo kusiyana kwa CC ndi BCC asanadzaphunzire pamaso pa woweruza.

Za mauthenga ongopatsirana sindinena zambiri, chifukwa owerenga onse amawadziwa: mapemphero ouza munthu kuti atumize kwa anthu khumi kuti adalitsidwe, machenjezo a mankhwala osatchula dokotala, malonjezo a ntchito zimene kulibe. A WhatsApp eni ake anaona kuopsa kwake, ndipo mu 2018 anaika malire ku India akuti uthenga upatsiridwe malo asanu okha nthawi imodzi, pambuyo poti mphekesera za kuba ana zachititsa kuti anthu osalakwa aphedwe ndi magulu a anthu okwiya. Malire amenewa anafika pa dziko lonse mu January 2019, ndipo mu April 2020, nthawi ya Covid-19, uthenga umene wapatsiridwa kale kambirimbiri unayamba kuloledwa kupita malo amodzi okha. Komabe gulu limodzi la WhatsApp tsopano likhoza kukhala ndi anthu 1,024, choncho malo amodzi amenewo akhoza kukhala khamu lalikulu kuposa la pa msika wa Loweruka.

Nthawi yotumizira nayonso ndi mbali ya ulemu. Foni imagona pa mutu pa bedi, ndipo ambiri saithimitsa usiku chifukwa ali ndi odwala kumudzi kapena ana kusukulu. Uthenga wa ntchito wotumizidwa pakati pa usiku kwa gulu lonse umadzutsa anthu amene sangachitepo kanthu kufikira m'mawa. Ku France, kuyambira pa 1 January 2017, lamulo limafuna kuti makampani a antchito 50 kapena kuposerapo akambirane ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito kunja kwa nthawi ya ntchito, ndipo kampani ya Volkswagen ku Germany inagwirizana ndi antchito ake mu 2011 kuti makina aleke kutumiza maimelo ku mafoni a ena mwa iwo patapita theka la ola chiwerukireni. Sindikunena kuti Nyumba ya Malamulo yathu ithamangire kupanga lamulo lotere, pakuti ili ndi zambiri zofunika kuposa izi, koma mkulu wa ofesi safunika lamulo kuti asunge uthenga wake mpaka kutacha.

Ena adzatsutsa kuti wotumiza chidziwitso ali ndi ufulu wodziwa ngati anthu alandira, ndipo kuti gulu limene anthu salankhulamo limafa. Mfundo yoyambayo ndi yoona, koma njira zodziwira zilipo zimene sizivutitsa ena. Yankho likhoza kupita kwa wotumiza yekha, ndipo pa WhatsApp wotumiza akhoza kuona yekha amene alandira ndi amene awerenga uthenga wake pa gulu. Kuyambira mu 2022 munthu akhozanso kungoika kachizindikiro pa uthenga womwewo m'malo molemba uthenga watsopano, ndipo zimenezi sizikankhira chidziwitso m'mwamba. Mfundo yachiwiri ndiyo ndikuikana. Magulu amene ndawaona akufa sanafe chifukwa cha chete, koma chifukwa cha phokoso: anthu otanganidwa, amene nthawi zambiri ndi omwe ali ndi nzeru kapena ndalama zimene gulu likufuna, amayamba ndi kutseka kulira kwa gululo, kenako amasiya kulitsegula, ndipo pomaliza amatulukamo kapena amangokhalamo ngati dzina chabe. Otsala amakhala omwe aja a moni wa m'mawa ndi zithunzi za maluwa, ndipo tsiku limene komiti ifuna chigamulo chenicheni imapeza kuti palibe amene akuwerenga.

Ndikudziwanso kuti pali anthu, makamaka achikulire ndi achibale amene ali kutali monga ku Johannesburg kapena ku Britain, amene moni wa pa gulu ndi njira yawo yokhalira pafupi ndi kwawo, ndipo sindikufuna kuti atsekedwe pakamwa. Chofunika ndi kulekanitsa malo. Banja kapena mpingo ukhoza kukhala ndi gulu limodzi la macheza, kumene aliyense ali ndi ufulu wopereka moni ndi nthabwala, ndi lina la zidziwitso zokha, kumene amalemba ndi oyang'anira gulu basi, pakuti WhatsApp inapereka mwayi wotero kuyambira mu 2018. Amene akufuna macheza adzawapeza, ndipo amene ali ndi bandulo yochepa adzatsegula la zidziwitso podziwa kuti chilichonse chimene chili mmenemo n'chofunika.

Pempho langa likupita makamaka kwa alembi, apampando, abusa, aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a maofesi, chifukwa anthu wamba amatsata zimene iwo alola. Polemba kwa anthu ambiri, anene poyera ngati akufuna yankho, ndipo ngati akulifuna anene kuti lipite kwa yani ndiponso pofika liti. Tsiku, nthawi ndi malo zikhale m'mizere yoyambirira, ndipo zikasintha alembe uthenga watsopano wonena momveka kuti woyamba uja wathetsedwa, m'malo mobisa kusinthako mkati mwa mayankho. Wina akalakwitsa n'kutumiza kwa onse zimene zinayenera kupita kwa mmodzi, amuuze payekha, pakuti kumudzudzula pa gulu ndi kubwereza cholakwa chomwecho monga anachitira aja a ku NHS. Ndipo masukulu ophunzitsa za ulembi ndi za kayendetsedwe ka maofesi, amene mpaka lero amaphunzitsa mosamala kalembedwe ka kalata ya pa pepala, awonjezerepo phunziro la kusankha olandira imelo, kuphatikizapo nthawi yogwiritsa ntchito BCC.

Ine wowerenga nyuzipepa yanu,
ku Zomba.